Theka la Nyimbo ya Elube

Mkazi wanga Elube anamwalira Lachinayi, pa 14 Meyi, dzuwa litangopendeka. Tsiku limeneli sindilikayika. Masiku onse amene anabwera pambuyo pake ndinawalemba m'kope, lililonse pa mzere wake, koma ndikamaliwerenga kopelo lero, silimvana lokha. Muli miyezi iwiri ya Juni yotsatizana. Muli Lolemba lina limene ndinalemba kuti ndinali m'matauni awiri. Choncho ndinena zimene ndikudziwa, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa.

Ntchito yanga inali yopeka nyimbo. Ndinkapekera kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndinkapekeranso maukwati ndi maliro. Pofika chaka chimenecho ndinali nditapeka nyimbo makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Nyimbo zathu zimayenda motere: mmodzi amayambitsa mzere, gulu limavomera, iye n'kuponya wina, gulu n'kuvomeranso. Anthu ankati zanga zimavomereka mosavuta, ngakhale kwa munthu wozimva koyamba.

Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, Elube anagona pamkeka pakhonde, mng'ono wake Fanesi akumupesa tsitsi. Ine ndinali chapambali, ndikukhoma mwendo wa mpando.

"Iwe Fanesi," anatero Elube, "ndikapita musadzandipsinje ndi simenti bambowa asanandiimbire yangayanga. Aimbira maliro m'midzi isanu ndi umodzi. Ena mwa anthuwo sankawadziwa n'komwe."

"Mwamva, alamu?" anatero Fanesi. "Yambani kukonza kukhosi."

Tinaseka tonse atatu. Elube anaseka mpaka kutsokomola.

Pamaliro, bokosi litatsika, akwaya anatembenukira kwa ine. Adzukulu okumba manda anatsamira makasu awo. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, koma munalibe kanthu, ngati nkhokwe ya mu Febuluwale. Mayi wina ataona kuti nthawi ikupita anayambitsa nyimbo ya m'buku, anthu n'kuvomera, ine n'kukhala pansi.

Pamudzipo ndinali mkamwini. Titameta, akuchikazi anandisudzula monga mwa mwambo, kunditsimikizira kuti ndine womasuka kubwerera kwathu. Fanesi anandiperekeza mpaka pamlatho.

"Alamu, inu takumasulani, koma mawu a achemwali sitingawamasule. Chiliza sitimanga mpaka mudzabwere nayo nyimboyo. Ndipo mukudziwa malo amene agona."

Ndinkawadziwa. Manda a kwawo ali pamtsetse, dothi lake ndi lamchenga, ndipo kumunsi kwake kuli chigwembe chimene chimakula dzinja lililonse. Mtumbira wopanda simenti sukhalitsa pamenepo. Alipo manda akale amene eni ake amangoloza ndi mlomo, n'kumati chapamenepa. Wa Elube unali wofika m'bondo mwanga. Ndinauyeza tsiku loika.

"Mwezi umodzi," ndinatero.

"Tiona," anatero Fanesi.

Kwathu sindinapite. Makolo anali atatha, nyumba inagwa kalekale. Ndinangotsata msewu, poganiza kuti nyimbo imene yakana kubwera pakhomo ingapezeke panjira.

*

Koyamba ndinakhalitsa m'mudzi wa oumba njerwa, m'mbali mwa dambo. Mkulu wa ntchitoyo anali a Mandaliza, bambo wamfupi wa mapazi otambalala ngati makasu.

"Ntchito yanu n'chiyani, achimwene?"

"Ndimapeka nyimbo."

"Nyimbo sitiwotcha mu uvuni. Vulani nsapato."

Ndinaphunzira kuponda dothi mpaka lisiye kugwira zala. Ndinaphunzira kuliponya m'chikombole mwamphamvu kuti ngodya zonse zidzaze, kukhuthula pabwalo losesa bwino, ndi kufunditsa udzu, poti njerwa youma msanga imang'aluka. Tinalipo amuna asanu m'dzenje la matope. Anzangawo ankacheza za mpira ndi za akazi awo. Ine ndinkangoti duu, ndikumvetsera m'kati mwanga ngati munthu womvetsera pachitseko cha nyumba ya eni.

Lachinayi, pa 9 Julayi, cha m'ma teni koloko, mzere unabwera. Unachokera m'miyendo, pamodzi ndi kaimbidwe kake. Ndinauimba mokweza ndisanaganize:

"Elube, ndaponda dothi tsiku lonse."

Ndisanayambe n'komwe kufuna wotsatira, a Mandaliza anakuwa ali pachikombole, m'kaimbidwe komweko:

"Nyumba ndi ya wina, msana ndi wako!"

Amuna aja anaseka, n'kubwereza mawuwo, mapazi akugunda matope pamodzi. Ine ndinapsa mtima.

"Mwandisokoneza. Sindinathe."

"Pepani, a kwaya," anatero a Mandaliza. "Anyamata, tsekani pakamwa, pano pakubadwa nyimbo."

Onse anati chete. Ndinaima pakati pawo, matope akuuma m'misongolo, ndikudikira mzere wachiwiri. Sunabwere. Ndinalemba woyambawo m'kope, tsamba n'kudetsedwa ndi zala.

Titawotcha uvuni ndinachoka. Pamphambano ndinapeza mayi atakhala ndi beseni la nthochi. Mawu ake anali ngati a Fanesi, koma nkhope sinali yake.

"Bambo," anatero, "mtumbira uja watsika. Tsopano ukulekeza pakati pa msongolo."

"Mwauona liti?"

"Dzinja lathali."

Ndinatsegula kope. Malinga ndi ine, tinali mu Ogasiti wa chaka chomwecho, ndipo mvula inali isanagwe chiikireni Elube. Koma nditakweza maso, udzu wa m'mbali mwa msewu unali wautali ndi wobiriwira, ndipo chimanga cha m'minda chinali ndi ngayaye. Ndinafuna kumufunsanso mayiyo, koma anali akukangana ndi munthu wina za nthochi zosapsa.

*

Kenaka ndinafika m'tauni ya panjanji. Sitima inkadutsa Lachitatu lokha, ngakhale kuti sabata ina ndinaiwerenga katatu. Pakhonde la sitolo ina panali telala, mayi Dolika, ndi makina awo opalasa ndi phazi.

"Mumagwira ntchito yanji, abambo?"

"Ndimapeka nyimbo."

"Ulusi mumatha kulowetsa? Maso angawa atopa."

Ndinayamba ndi kulowetsa ulusi, kenaka mabatani, kenaka kupinda m'munsi mwa masiketi. Patapita nthawi anandilola kudula nsalu motsata choko. Mayi Dolika ankalankhula ndi mapini m'kamwa, ndipo ankadziwa chiuno cha munthu aliyense m'tauniyo popanda tepi. Akamuona wina akudutsa ankati, "Uyo wawonjezera mainchesi awiri, ukwati ukumukomera."

Tsiku lina ntchito itachepa ndinatola zotsalira za nsalu yabuluu n'kusoka deresi. Palibe anandituma. Nditalinyamula m'mwamba kuti ndione ngati mapewa alingana, ndinazindikira kuti ndalisoka pa msinkhu wa Elube. Pomwepo mzere unabwera, pamodzi ndi kugunda kwa makina:

"Ndasoka deresi, wovala palibe."

Mayi Dolika sanadzutse n'komwe mutu. Phazi likupalasabe, anaimba kudzera m'mapini aja:

"Lipachikeni panja, mphepo ivale."

Amayi awiri amene ankadikira zovala zawo pabenchi anabwereza mawuwo, wina akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mayi, chonde," ndinatero. "Mukamalowerera, mzere wachiwiri umathawa."

"Iii, pepani abambo. Ndimayesa mukutiitana."

"Sindikuitana munthu. Ndikupeka."

"Pekanitu."

Anaimitsa makina. Amayi aja anayang'anana. Kutali kunkamveka chigayo. Ndinadikira ndi deresi m'manja mpaka mikono inatopa, ndipo mayi Dolika anafunsa mwaulemu ngati angapitirize kusoka, poti mwini siketi anali ndi basi yoti akwere.

Deresilo ndinalisiya pamsomali. Pa siteji ya basi panali mayi wa beseni, ulendo uno la mbatata yophika.

"Ukufika m'kakolo," anatero, ndisanamupatse moni.

"Kodi ndinu a Fanesi?"

"Fanesi ndani? Ine ndine wa konkuno. Sunthani, bambo, mukunditchingira anthu."

Ndinalemba m'kope: kakolo. Pambali pake ndinalemba tsiku, kenaka ndinalifufuta, kenaka ndinalembanso lomwelo.

*

Panali midzi ina pakatipa imene sindiikumbukira bwino. Ndikudziwa kuti ndinakhomako zidebe, chifukwa chala changa chamanthu chili ndi chipsera. Ndikudziwanso kuti ndinawolokapo mtsinje umodzi kanayi, nthawi zonse kuchokera tsidya lomwelo.

Kumene ndikukumbukira bwino ndi kumishoni ya pachitunda. Kunali mphunzitsi wopuma, a Bizaliyele, amene anaimbitsa kwaya zaka makumi atatu ndipo ankatha kuwerenga nyimbo papepala. Amenewa ndinawafotokozera zonse, kuyambira pakhonde mpaka pa deresi. Anamvetsera atatsinzina.

"Mwana wanga, vuto lanu ndi phokoso. Mwakhala pakati pa anthu olongolola. Nyimbo ndi mlendo wamanyazi, salowa m'nyumba yodzaza."

Anandipatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, kosungiramo mabenchi othyoka. Kanali ndi zenera limodzi loyang'ana kukhoma.

"M'mawa uliwonse mulembe. Musalankhule ndi munthu mpaka dzuwa lifike pamutu. Wina akagogoda, musayankhe."

Ndinamvera. Ndinakhala m'menemo mwezi wonse wa Ogasiti, mzere umodzi tsiku lililonse. Mwezi utatha ndinaiwerenga mizereyo ndipo inakwana makumi anayi ndi itatu. Ogasiti ali ndi masiku makumi atatu ndi limodzi. Ndinawerenga katatu, yankho linali lomwelo. Koma chimene chinandivuta kwambiri si chiwerengerocho. Mizere yonseyo inali yoyamba yokhayokha. Uliwonse unkathera m'malere, ngati phazi limene lanyamulidwa kuti liponde pa sitepe imene palibe.

M'kachipindamo ndi mmene ndinataya mawu a Elube. Nkhope yake ndinali nayo, mpata wa m'mano, kachipsera ka pachibwano. Ndinkamuona akutsegula pakamwa. Koma kamvekedwe ka mawu ake kanali katapita, ndipo ndikayesa kumulankhulitsa, ankalankhula ndi mawu anga.

Ndinawauza a Bizaliyele.

"Ndiye kuti mwayandikira," anatero mokondwa. "Chete wayamba kugwira ntchito. Khalani mwezi wina."

Ndinachoka masana omwewo, iwo akupuma pansi pa mtengo wa mango. Pamphambano mayi uja panalibe. Panali beseni lokha, lovundikira. Ndinagwada n'kulivundukula, ndipo pansi pake panali mchenga wosalala. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, osadziwa ngati umenewu unali uthenga kapena munthu anangoiwala beseni lake.

*

Phiri ndinalikwera chifukwa msewu unathera pamenepo. Pamwamba panali nkhalango ya paini, ndipo ndinamva tupa ikulira pa chitsulo. Ndinapeza bambo wamtali, wouma ngati nsungwi, atakhala pa chipika akunola mano a sowo. Dzina lawo anali a Layitoni.

"Mumatha kukoka?" anandifunsa, moni asanandipatse.

"Ndimapeka nyimbo."

"Sindinafunse zimenezo. Mnzanga anatsika kukakwatira, chipikachi chagona sabata ziwiri. Lowani m'dzenje."

Matabwa kumeneko amachekedwa ndi anthu awiri. Chipika chimagonekedwa pa mitanda pamwamba pa dzenje, n'kulembedwa mizere ndi chingwe choviika m'makala. Mmodzi amaima pachipikapo, wina m'dzenje. Sowo yake ndi yaitali ngati munthu, ili ndi chogwirira mbali zonse ziwiri. Wam'dzenje amakokera pansi, ndipo mpamene mano amadya mtengo. Wapamwamba amaikweza, n'kuilondolera pa mzere.

Masiku atatu oyamba tinawononga matabwa awiri. Sowo inkapindika, n'kusiya mzere wa makala, n'kuyenda zake.

"Akulu, mukutani kumeneko?" anakuwa a Layitoni.

"Ndikukuthandizani kukweza."

"Ndakupemphani?"

"Ndimaona ngati ikukulemerani."

"Ikundilemera chifukwa cha inu! Mukamakankha, sowo imapindika. Taonani thabwali, lakhota ngati njira ya woledzera. Kokani, mukafika pansi lekani. Manja akhale pomwepo, koma lekani. Kukweza n'kwanga."

"Nanga mukachedwa?"

"Ndikachedwa mudikire. Mukuthamangira kuti m'dzenjemo?"

Tsiku lachinayi ndinayesa. Pa ntchito zonse zimene ndinaphunzira, palibe inandivuta ngati imeneyi, kugwira chinthu ndi manja awiri osachichita kanthu. Ukakoka n'kufika pansi, pamakhala kanthawi kochepa pamene sowo imaima. Mtima umati mnzakoyo wachoka. Kenaka chogwirira chimanyamuka chokha, n'kutenga manja ako kupita nawo m'mwamba. Utuchi unkandigwera m'mutu ndi m'makutu. Pofika masana tinali titacheka matabwa asanu owongoka.

Kuti ndisataye kayendedwe kake, ndinayamba kuimba chamumtima nyimbo yanga yakale, ya nambala khumi ndi ziwiri, imene ndinapekera ukwati wa mwana wa abusa. Mzere woyambitsa ndinkauimba pokoka. Sowo ikamakwera ndinkaleka, chifukwa mpweya unkafunika. Ndipo m'kampata kameneko, mzere wovomera unabwera wokha. Sunabwere ndi mawu anga. Unachokera kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi kulira kwa lichero.

Anali mawu a Elube, okhuthala pang'ono, okhala ngati akuseka munthu.

Ndinaona bwalo lathu lonse. Ine ndili pakhonde ndikumata chubu cha njinga, ndikuponya mzere m'malere. Iye ali kuseri akupeta, akubweza mawu, kawirikawiri ondinyogodola. Ine n'kunena kuti, "Eya, ndimafuna kunena zomwezo," n'kutenga pensulo.

Sindinakhulupirire msanga. Ndinatenga nyimbo zanga imodziimodzi, kuyambira yoyamba, n'kuziimba m'dzenjemo. Zinanditengera masiku asanu ndi anayi. Pa nyimbo makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, makumi anayi ndi zinayi mzere wovomera unali wake. Ndinakumbukira ndi malo omwe: ina ali kuseri, ina akuchapa, ina tikuchokera kumunda iye ali kumbuyo kwanga ndi mtolo wa nkhuni. Zitatu zotsalazo ndinapeka mwezi umene anapita kukadwazika mayi ake aang'ono. Zimenezo zinaimbidwa kamodzikamodzi, osabwerezedwanso.

Ndinawauza a Layitoni tikudya chinangwa chowotcha pamthunzi.

"Ndiye kuti ine sindinapekepo nyimbo."

"Mwina," anatero, akutafuna. "Za nyimbo ine sindidziwa. Ndatha zaka makumi awiri pamwamba pa chipika, sindinachekepo thabwa ndekha, koma kumsika amati matabwa a Layitoni. Mnzanga uja ankadandaula zomwezo."

"Nanga ndichite bwanji? Wondivomera anafa."

"Kafunseni abusa. Ine ndikuona mitambo iyo."

Analoza kum'mawa ndi chibwano. Mitambo inali itaunjikana, yakuda kunsi. Kope langa linkati tili pa 2 Seputembala. A Layitoni anati Novembala ali pakati, ndipo ng'ombe zinayamba kale kununkhiza m'mwamba.

Zimene ndinapeza m'dzenjemo sizinanditonthoze. Kale ndinkayesa kuti nyimbo yasochera ndipo ndidzaipeza. Tsopano ndinaona kuti theka lake lili pansi pa mtumbira womwewo umene ukukokoloka. Panatsala chinthu chimodzi choti ndichite: kubwerera, kukamuuza Fanesi kuti nyimbo kulibe ndipo sidzakhalako, n'kumupempha kuti amange chiliza mvula isanagwe. Manyazi akhale anga, koma Elube asatayike.

*

Ulendo umene unanditengera zaka popita unanditengera masiku awiri pobwerera. Sindinadutse pamishoni, kapena panjanji, kapena padambo la njerwa. Zimenezi sindingazifotokoze.

Fanesi ndinamupeza pabwalo akusankha mbewu ya chimanga. Anali ndi imvi pamwamba pa makutu.

"Odi."

"Lowani... Ee! Alamu! Mwezi uja watha?"

"Ndikudziwa, papita zaka zitatu."

"Zitatu? Zisanu ndi ziwiri. Mwana amene ndinali ndi pakati pake pa maliro paja ali kusukulu pano. Khalani pansi musanagwe."

Anandipatsa mpando ndi madzi. Nditamwa ndinalankhula monga ndinakonzera panjira, mwadongosolo, osasiya kanthu. Ndinatchula ndi ziwerengero zomwe, makumi anayi ndi zinayi, ndi zitatu zija. Ndinati nyimbo zimene anthu ankati ndi zanga zinali za awiri, ndipo ine sindinkadziwa.

Fanesi anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anaseka mpaka anagwetsa chitsononkho, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Alamu, mwayenda dziko lonse kukafuna zimenezo? Mudzi wonse unkadziwa! Tinkakumvani tikamapita kumjigo, inu pakhonde, achemwali kuseri. Tinkati ayambapo aja. Amene sankadziwa ndi inu nokha."

"Nanga bwanji sananene?"

"Ndinawafunsapo. Anati, asiyeni, akadziwa ayamba kumandifunsa, ndipo ine ndikafunsidwa m'mutu mumauma."

Nkhuku inabwera kudzatola mbewu, Fanesi n'kuiingitsa ndi phazi.

"Ndiye ndabwera kudzapempha," ndinatero. "Mangani chiliza. Nyimbo palibe."

"Mawu a womwalira sasintha chifukwa choti alamu atopa. Mulibe ngakhale kanthu?"

"Ndili ndi mizere yoyamba yokhayokha. Kope lonse."

"Za m'kopezo ndi za kumene munaliko. Lisiyeni pampandopo. Tiyeni mukawaone kaye achemwali, akamve okha kuti amuna awo abwera chimanjamanja."

Kumanda salowako mwachisawawa, choncho Fanesi anatuma mawu kwa adzukulu. Anabwera awiri, wamkulu wawo a Jekete, amene anakumba nawo manda a Elube. Amayi oyandikana nawo nyumba atamva kuti mkamwini uja wabwera, anasiya zimene ankachita n'kutitsata. Ndinawawerenga, analipo khumi ndi mmodzi. Mphepo inali itayamba, yonunkhira fumbi lonyowa.

Pakadapanda Fanesi ndikadapadutsa. Anali atazunguliza miyala, koma mbali ya kumutu madzi anali atainyamula, n'kusiya kangalande. Chigwembe chinali chitafika pa mtunda wa mapazi atatu. Ndinagwada n'kuyeza mtumbirawo ndi dzanja. Unali wa zala zinayi.

Ndinaimirira. A Jekete anavula chipewa.

Sindinakonzekere kuimba. Ndinangofuna kumupepesa, ndipo mawuwo anatuluka ali ndi kaimbidwe kake, kotsika, kosavuta:

"Elube iwe, ndachedwa panjira."

Ndipo ndinatseka pakamwa.

Lilime linkafuna kuthamanga, kukasaka china chilichonse choti litseke nacho mpatawo. Ndinaliluma. Ndinamva mphepo m'masamba, ndinamva mayi wina akumeza malovu. Ndinapuma kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi kawiri. Ndinayamba kuganiza kuti palibe amene adzayankhe, kuti ndachitanso manyazi omwe aja pamaso pa anthu omwe aja. Komabe sindinatsegule pakamwa.

Kumbuyo kwanga Fanesi anakonza kukhosi. Mawu ake ndi okhakhala, safanana n'komwe ndi a mkulu wake, ndipo anayamba mokwera kwambiri n'kutsika pakati:

"Kuchedwa n'kwanu, kudikira n'kwanga."

Ndinabwereza mzere wanga. Ulendo uno amayi atatu anavomera naye. Kachitatu anavomera onse, a Jekete akuikira mawu aakulu pansi. Ndisanadziwe, wina unali utabwera kale pakamwa:

"Elube iwe, njira zinandichulukira."

"Kuchedwa n'kwanu, kudikira n'kwanga."

"Elube iwe, madzi akudya kumutu."

Apa Fanesi anakweza dzanja kuti anzake adikire, n'kuponya ena:

"Bwerani ndi khasu, misozi ndili nayo."

Amayi aja anaseka m'manda momwemo, chifukwa mmenemo ndi mmene mwini wake akadayankhira, ndipo kusekako kunasanduka kulira, ndipo akulira choncho anapitiriza kuvomera. Tinaimba mizere isanu ndi umodzi. Wachisanu ndi chiwiri sunabwere, ndipo sindinaukakamize. Tinabwerera ku woyamba, n'kutsiriza.

A Jekete anavalanso chipewa, n'kuyang'ana kumwamba, kenaka kwa Fanesi.

"Mayi, imeneyi tiitenge kuti ndi nyimbo?"

Fanesi anamina, n'kuganiza kaye.

"Siyokoma ngati za achemwali. Koma yaimbidwa, ndipo ndi yawoyawo. Katuteni mchenga, mvula isatipeze."

Mdzukulu winayo anathamangira kumudzi. A Jekete anatulutsa chingwe ndi zikhomo m'thumba la jekete lawo.

"Alamu, musangoima ngati mlendo," anatero Fanesi. "Gwirani uko, tiyeze."

Ndinatenga nsonga ya chingwe n'kupita kumutu, kumene miyala inachoka. Ndinaika dzanja pamene ndinkaganiza kuti mpamene mandawo ankalekeza. Fanesi anapukusa mutu, anabwera, anagwira dzanja langa n'kulisunthira kumtunda, kupitirira kangalande kaja.

"Apa," anatero. "Anali wamtali kuposa mmene mukukumbukirira."

Ndinakhoma chikhomo pomwepo.